Anditsekera Huka ndi Madzi

Lucknow, 7 Rajabu 1203 pa kawerengedwe ka Chisilamu, Lachisanu

Anditsekera huka ndi madzi. Lero, titachoka ku mzikiti. Bwalo linakhala pakhonde pa Ghasita, mkulu wa ubale wathu wa amisiri agalasi. Amuna onse a mumsewu wathu analipo, ndevu zopesa bwino. Huka, kaliwo wathu wa madzi wosutira fodya, inayamba kuzungulira monga mwa masiku onse. Itafika pa ine, Kallan, mng'ono wa Ghasita, anaidutsitsa pamwamba pa maondo anga n'kupatsa wa mbali inayo. Basi. Palibe anakweza mawu.

Ine Niamat, wotchedwa Ustadi, ndiye kuti katswiri, amene ndajambula maluwa agolide pa mitsuko ya huka ya akuluakulu a mzinda uno kuyambira ndevu zisanamere.

Mlandu wake: ndinaphunzitsa ntchito mwana wanga wamkazi, Zaibun. Mwambo ndikuudziwa, sindinabwere dzulo. Mwana wamwamuna mphunzitse. Mtengwa mphunzitse, poti adzafera m'nyumba mwako. Mwana wamkazi ayi, amakwatiwa n'kupita nayo ntchito kwa eni ake. Nanga wamwamunayo ndimutenge kuti? Nthomba inamutenga asanayambe n'kuyenda komwe. Maso anga ng'anjo inawadya. Lakumanja ndi nkhungu yokhayokha, lakumanzere likutsatira. Ndikanapanda kupatsa Zaibun burashi, tikanadya chiyani zaka zapitazi?

Chigamulo: Zaibun asapite ku Faizabad kwa Shafi, mwana wa mchimwene wa amake, monga tinapanganira. Akuti akapita nawo utoto wofiira wa bambo anga kwa amisiri a kumeneko. Akwatiwe mumsewu muno, kwa Kallan, mng'ono wake wa Ghasita. Ndikavomera, huka ibwerera. Ndikakana, palibe wosuta nane, womwa nane kapena wolowa pakhomo panga, ndipo ng'anjo yathu ya tonse ndisaiyandikire.

Kallan. Akazi awiri anaika kale m'manda. Mano atsala a m'mbali okha.

"Achimwene, si ine ayi, ndi mwambo," anatero Ghasita, maso ali pa makala. Ghasita amene anaphunzira ntchito pa mkeka umodzi ndi ine kwa malemu bambo anga. Mpaka lero akajambula duwa limakhala ngati phazi la bakha.

Ndakana.

9 Rajabu

Wotunga madzi wadutsa pakhomo ndi thumba lake lachikopa, osaima. Si wa ubale wathu, koma nyumba zomugula ndi zambiri, yathu ndi imodzi. Sindikumuda. Zaibun ndi amake apita kuchitsime cha kumsika wa mahatchi, kutali kuja. Pa chitsime chathu akazi amakoka zingwe zawo n'kuima pambali mpaka iwo achoke. Amake Zaibun abwerako akutsokomola. Chifuwa chija cha nthawi yozizira sichinathe.

Ndadziwa mmene zinaululikira. Mlomo. Wogwira burashi ya ubweya wa gologolo amaisongola ndi milomo, ndipo utoto wofiira umasiya kadontho pakati pa mlomo wam'munsi, kosachoka ndi madzi. Ine ndili nako moyo wanga wonse. Zaibun anapita nako ku phwando la akazi kwa a Ghasita. Akazi a amisiri kadontho kameneko amakaona pa amuna awo tsiku ndi tsiku. Akuti mkazi wa Ghasita anamugwira chibwano n'kunena, "Mwanawe, kwanu mukudya chiyani chofiira chonchi? Tigawireniko, ife tatopa ndi mphodza." Akazi onse kuseka.

Zaibun anabisa nkhaniyi kufikira lero. Ine kadonthoko sindinakaone. Ndikanakaona ndi chiyani?

12 Rajabu

Kutentha kwayamba. Mango akadali aang'ono ngati mazira a njiwa.

Kwabwera kapitawo wa kunyumba ya Mirza Tufail Beg. Iye salabadira za bwalo lathu, analowa, anamwa madzi athu ochepawo, anapemphanso ena. Akufuna mtsuko wa huka wa ukwati wa mwana wa a Mirza. Galasi lake ndi lawo, anabwera nalo okha mwezi watha: lobiriwira, lolemera, lozungulira ngati vwende. Kujambula kunatha kale. Ndinalamula ndine, dzanja ndi la Zaibun. Golide paliponse, maluwa okha ndiwo tinawasiya obiriwira, galasi likuonekera mkati mwa tsamba lililonse, ndi timadontho tofiira pakati pa duwa. Bambo anga ankachita choncho. Ena amajambula duwa lagolide pa galasi. Ife timajambula malo ozungulira duwa, duwalo limatuluka lokha. Ghasita anayesa kangapo, dzanja lake silidziwa poimira.

Koma sunalowe m'ng'anjo. Golide wosaotcha ndi fumbi chabe, mwana atha kumufufuta ndi chala. Kapitawo anaunyamula ndi nsalu, kuutembenuza pa dzuwa. Kenaka: "Ustadi, mikangano ya mumsewu wanu a Mirza sikuwakhudza. Mtsuko ufike mwezi wa Shabani usanaoneke. Mukalephera, amisiri alipo ambiri, atero a Ghasita."

Ndiye kuti Ghasita wafikako kale.

Chakudya lero chapati ndi anyezi.

14 Rajabu, Lachisanu

Ku mzikiti sangandiletse, nyumba si yawo. Koma pamzere anasiya mpata mbali zonse ziwiri, moti mbuzi ikanadutsa. Titatha kuswali aliyense kufunafuna nsapato zake ngati zathawa. Ena mwa iwo ndinawanyamula ali makanda. Wina ndinamuyamwa chala chimene anapsa nacho pa ng'anjo.

Madzulo ndasuta ndekha, pa huka yanga ya chigoba cha kokonati. Kuchokera pakhonde pa Ghasita kumamveka madzi akubwata m'huka yaikulu ija, ndi kuseka. Ndinamva mawu a Kallan. Fodya wanga anali ngati udzu wonyowa. Ndinawauza amake Zaibun. Iwo: "Mwafuka utsi ngati ng'anjo moyo wanu wonse, lero mwati fodya sakukoma chifukwa mulibe malovu a Ghasita? Bweretsani ndilavuliremo ine." Anaseka mpaka chifuwa chinawagwira. Zaibun kuwasisita pamsana.

Mkazi sangamvetse. Pakhonde paja ndi pamene munthu amamva mtengo wa golide, amene wadwala, nyumba yaikulu imene ikukonza ukwati. Komanso si zimenezo zokha. Munthu ukalandira huka kuchokera m'dzanja la mnzako n'kupatsa wina, umadziwa kuti ulipo. Ine masiku ano ndikayenda mumsewu ndimakhala ngati ndinafa kale, angoiwala kundikwirira.

Ndikadaphunzira ngati ana a alembi ndikanakadandaula kwa akuluakulu a mzinda. Ndinangofika pa zilembo ndi masura aafupi a Kurani, bambo n'kunditenga kukapera utoto. Izinso ndikulemba ndi zilembo zikuluzikulu, mphuno ili pa pepala. Ndipo ndikanakanena kuti chiyani? Kuti anzanga akana kusuta nane?

18 Rajabu

Ndamanga kang'anjo kanga pabwalo, kuseri kwa chimbudzi kumene mphepo sifika. Dothi la kumtsinje, ndowe, njerwa zakale, chibade cha mtsuko pamwamba. Manja akadakumbukira. Msana ndiwo wakana.

Vuto ndi ili. Zaibun amadziwa burashi, moto saudziwa. Kung'anjo sikufika mkazi, ndiye sanaonepo galasi likupsa. Ine moto ndimaudziwa, koma sindikuuonanso. Golide ndi utoto zimagwira pa kanthawi kochepa pamene galasi layamba kufewa khungu lokha, thupi likadali lolimba. Ukafulumira, golide amachoka ndi chikhadabo. Ukachedwa, galasi limagwada. Chokuuza ndi mtundu wa kufiira kwa mkati mwa ng'anjo, ukasuzumira pa kabowo. Palibe china.

"Ababa, inu ndiuzeni kufiira kwake, ine ndikhala maso anu," anatero. Ndinayesa. Ndinati si kufiira kwa khangaza, si kwa njerwa. Ndinati ngati chikhatho ukachiika pa dzuwa. Iye: "Chikhatho cha ndani, changa kapena chanu? Chanu n'chakuda ngati chiwaya." Ndinazindikira kuti chinthu chimenechi sindinachitchulepo ndi pakamwa. Bambo anga sanandiuze. Ankangondigwira pakhosi n'kundikankhira pa kabowo, n'kunena kuti ona. Zaka ndi zaka, ona, ona.

Mwanayu analowa ntchito mosafuna. Poyamba ndinkangomutuma kupera golide mu uchi ndi kumutsuka. Tsiku lina ndinapeza wakonza tsamba limene ndinakhotetsa, osandiuza. Ndinamukalipira. M'mawa mwake ndinamupatsa burashi.

22 Rajabu

Tayesa ndi zibade za mabotolo a madzi a rozi. Zoyamba golide anachoka. Zachiwiri zinapindika. Zamadzulo zagwira. Ndinakanda ndi chikhadabo, kukanda ndi mpeni, golide ali pomwepo. Zaibun anakwecha ndi mwala wosalala uja mpaka ngakhale ine ndinaona kanthu kakuthwanima m'nkhungu yangayi.

Amake anadzuka pa mphasa kudzaona. Anati, "Nanga Ghasita ndi ng'anjo yakeyo akazingiremo mtedza." Lero anadya chapati theka.

Ndayamba kuganiza. Mtsuko ukapsa bwino, a Mirza akakondwa, ntchito zina zibwera pakhomo pano osadzera kwa munthu. Zaibun apite ku Faizabad ikatha Idi, ife timutsatire. Huka yawoyo akhale nayo. 

Nkhuni za mango zatha. Wogulitsa nkhuni wa mumsewu wathu akuti zonse zili ndi eni ake. Ndagula za bwemba kumsika.

26 Rajabu

Mtsuko wagwada.

Khosi lapendekera mbali imodzi ngati munthu wosinza pa ulaliki. Mbali ya kumoto golide wamira m'galasi, maluwa asungunuka, ofiira aja ada bii. Mbali inayo yapsa bwino kwambiri, moti sindinagwirepo ntchito yosalala chonchi. Ndikanakonda ikanaonongeka yonse.

Bwemba amatentha kuposa mango, ndinkadziwa. Mphepo yotentha ija inayambanso masana, kukankha moto. Zaibun anali pa kabowo. Anati, "Ababa, kwafiira ngati tsiku lija." Ndinati dikira, chinthu chachikulu chimachedwa kusiyana ndi chibade. Anatinso, "Ababa, kwapitirira." Ndinasuzumira ndekha. Ndinaona nkhungu yofiira, monga ndionera nkhungu yoyera ndikayang'ana khoma. Ndinati dikira pang'ono.

Sanandinene. Anakhala pansi pafupi ndi ng'anjo mpaka inazizira, maondo ali pachifuwa.

Pa ng'anjo ya tonse sizikanachitika. Kumeneko kumakhala maso ambiri, wina amakuwa kuti chotsa. Ghasita akudziwa zimenezo. N'chifukwa chake sanavutike kudzandiletsa kumanga, ngakhale utsi ankauona.

28 Rajabu, Lachisanu

Kapitawo. Anaugwira pakhosi popendekapo n'kuseka, osati mwankhanza kwenikweni. "Ustadi, uwu mupatse ngamila isutire, khosi lake ndi lomweli." Kenaka mawu anasintha, anati galasi lija linachokera kutali, a Mirza analisankha okha. Anautenga kuti akawaonetse. Lina likapezeka lipita kwa Ghasita. Potuluka anati, "Mbali yabwinoyi ndani anajambula?" Ndinati ndine. Anandiyang'ana m'maso mwanga moyeramu n'kutuluka.

Ku mzikiti sindinapite.

Tagulitsa mphika wamkuwa umene amake Zaibun anabwera nawo pa ukwati. Iwo sakudziwa, Zaibun anautulutsa atagona.

1 Shabani

Mwezi waoneka. Amake Zaibun akutsokomola magazi. Sing'anga wa kumsika wapereka madzi a zitsamba, akuti asayende padzuwa. Nanga masiku onse aja ankatunga madzi kumsika wa mahatchi ankayenda pa chiyani? Ndinawaletsa, iwo ankati mtsikana wosakwatiwa sangayende yekha pakati pa osunga mahatchi. Tsopano Zaibun akupita yekha.

Woyendetsa ngolo amene ndinamutuma ku Faizabad wabwerako. Ndinapempha kuti a kwa Shafi abwere msanga, nikaha, mwambo womanga ukwati, ichitike ngakhale popanda phwando, amutenge mwanayu. Yankho la bambo ake a Shafi: moni wambiri, akupempherera odwala, koma nkhani ya huka yamveka kale kumeneko. Nawo ali ndi bwalo lawo, ali ndi ana aakazi ofuna kukwatiwa. Akuti ndiyambe ndakonza za kuno, kenaka tidzakambirane. Ndikonze bwanji, pamene kukonza kwake ndi kumupereka kwa Kallan? Amenewo ndiye abale. Shafi mwiniwake akuti anaperekeza ngolo mpaka kunja kwa mzinda n'kupereka kabotolo ka mafuta onunkhira kuti akapatse azakhali ake. Mnyamata wabwino. Ubwino wake ndi wokwana m'kabotolo.

Ndinaganiza zongokweza onse pa ngolo n'kukagogoda pakhomo pawo, aone ngati angabweze mchemwali wawo. Koma amake Zaibun sangafike ngakhale pa mlatho.

Sindinawauze yankholo. Ndinati akukonzekera.

4 Shabani

Kallan anabwera. Sanalowe, anaima kunja kwa chitseko monga lanenera bwalo, vwende m'manja. Ndinamudziwa ndi kupuma kwake. Anati, "Ustadi, ine zimenezi sindinazipemphe. Achimwene ndiwo. Koma kunena zoona m'nyumba mwanga mulibe woyatsa moto, ndipo sindimenya mkazi, funsani aliyense." Ndinati ndikafunse kumanda?  Anaika vwende pakhomo n'kumapita.

Chondipweteka n'chakuti sanama. Kallan si woipa. Ndi wopusa, wokalamba, wonunkha m'kamwa, ndipo chilichonse chimene Zaibun angajambule m'nyumba imeneyo chidzatuluka ndi dzina la Ghasita. Ndicho akufuna. Utoto wofiira wa bambo anga, ndi dzanja lodziwa poimira. Mwambo wangokhala ngolo yonyamulira.

Amake Zaibun anamva zonse. "Litayeni kuchimbudzi." Zaibun analitola, kulidula, kuwadyetsa pang'onopang'ono ndi zala. N'chokhacho chimene chadutsa pakhosi pawo kuyambira dzana. Anadya akutukwana mwini wake.

Madzulo anandiitana. Mawu atsala ochepa. "Abambo ake a Zaibun, ndikudziwani. Mumalimba ngati galasi, kulimba kwa tsiku limodzi. Ine ndikafa mundikokere kudzala ngati mphaka, zilibe kanthu. Koma mwana wanga asakapukute dovu la Kallan." Ndinati usalankhule za imfa. Anati, "Ndiye ndilankhule za chiyani, za mphika wanga wamkuwa?"

Ankadziwa.

9 Shabani

Wahidan anamwalira dzulo, dzuwa litangotuluka. Ndalemba dzina lake. Moyo wathu wonse sindinamuitanepo nalo.

Ndilembe mmene zinayendera, mwina mutu uleka kuzungulira.

Zaibun analira, msewu wonse unamva. Palibe chitseko chinatseguka. Ndinapita kwa mayi wosambitsa maliro a akazi. Anayankhira mkati kuti mtima ukumupweteka, koma adikira mawu a bwalo. Ndinapita kwa shehe. Anati swala ya maliro adzaswalitsa, umenewo ndi udindo wake, koma mapewa onyamula jeneza ndipeze ndekha, ndipo manda a ubale wathu makiyi ake ali kwa Ghasita. M'manda amenewo muli bambo anga, muli mayi anga, muli kamwana kathu kaja. Wahidan chaka chilichonse ankakayatsa nyali pa kamtumbira kake. Malo a pambali pake anawasankha kalekale.

Ndikanatha kuima pamsika n'kupempha Asilamu odutsa. Akananyamula, sakanakana. Akanakamuika kumanda a alendo kutsidya, kumene agalu amafukula. Ndipo kusambitsa? Zaibun yekha, mwana wosaonapo mtembo, asambitse amake, atembenuze yekha, amange yekha sanda, nsalu ya maliro ija? Anayesa. Ndinamumva m'chipindamo akulankhula nawo, "Amayi, ndithandizeni pang'ono, kwezani mkono."

Dzuwa linakwera. Kutentha kwa mwezi uno. Ntchentche zinayamba kulowa. Ndinakhala pakhomo ndi chokupizira. Kenaka fungo linayamba, pang'ono chabe, la pansi pansi. Maso ndilibe koma mphuno ndili nayo.

Anati ndimukokere kudzala ngati mphaka. Kunena n'kosavuta munthu ukadali ndi mpweya. Amene watsala ndi chokupizira m'manja ndi wina.

Sindikumbuka kuti ndinadzuka liti. Ndinangopezeka ndili pakhonde pa Ghasita. Anali pomwepo, ndi ena angapo, atavala kale zoyera. Ankadikira. Ndinati, mtengeni. Ghasita: "Mwati bwanji, achimwene? Makutu angawa masiku ano." Ndinabwereza, dzina la mwana wanga ndi dzina la Kallan, pamaso pa mboni. Ghasita anadzuka n'kundikumbatira, akulira misozi yeniyeni, inandinyowetsa khosi. Anati, "Mlamu wathu wagona nthawi yaitali padzuwa, tiyeni."

Zonse zinali zokonzeka. Sanda yodula kale, madzi ofunda, jeneza lotsuka. Akazi analowa m'nyumba mwanga akulira mokweza ngati anali panjira kuyambira m'mawa. Wotunga madzi anadzaza mitsuko yonse, mpaka ya nkhuku. Dzenje anali atakumba kale, pambali pa kamwana kaja. Kallan ananyamula kutsogolo, sanalole kusinthana ndi munthu mpaka kumanda.

Anaikidwa bwino. Zimenezo palibe angatsutse.

Zaibun sindinamuuze ine. Titabwerako, mkazi wa Ghasita anamufunditsa nsalu kumutu pamaso pa akazi onse n'kunena, "Usalire, mtengwa wathu, amayi ako ndine tsopano." Ndinali pakhomo. Ndinaona chinthu choyera chikutembenukira kwa ine, n'kukhala choncho nthawi yaitali. Nkhope sindinaione. Kwa nthawi yoyamba ndinathokoza Mulungu chifukwa cha nkhunguyi.

10 Shabani

Tsiku lachitatu. Mapemphero m'nyumba muno, anthu odzaza mpaka pabwalo. Wina wagumula kang'anjo kanga kuti apeze poyala mkeka. Mpunga ndi nyama zachokera kwa Ghasita. Aliyense wandigwira dzanja. Amene ankasowa nsapato ku mzikiti aja lero akundiyamikira Wahidan, mmene ankaphikira haluwa, mmene ankalandirira alendo.

Nikaha ikhala ikatha Idi, arobaini, masiku makumi anayi a maliro, atadutsa. Koma Ghasita akuti palibe chifukwa chodikira pa za ntchito. A Mirza apeza galasi lina, labuluu, ukwati wawo wayandikira. Mawu anaperekedwa kale, ndiye mtsikanayo ndi mtengwa, ndipo mtengwa saletsedwa burashi. Kuyambira mawa azipita kukajambulira kwawo, kuseri kwa nsalu. Utoto wofiira akapere komweko. "Mwaona, achimwene, mmene mwambo umakonzera zinthu? Dzulo unali mlandu, lero ndi dalitso." Anthu anavomereza ndi mitu. Ndinamva ndevu zikukhudza malaya.

Ndinafunsa kuti nanga ine ndizigwira chiyani. Anati ndapuma, ndizibwera pakhonde kudzalangiza achinyamata.

Zaibun kuyambira dzana wandilankhula kamodzi. M'mawa, akumanga zida m'kansalu. "Ababa, kaburashi kakang'ono kaja ndikatenge, kapena ndi kanu?" Mawu osalala, opanda kanthu mkati. Ndinati tenga. Ndinafuna kunena za fungo lija, za ntchentche, za agalu a kutsidya. Iye analipo, akudziwa. Ndiye ndinene chiyani?

Mapemphero atatha amuna tinakhala pabwalo. Anabweretsa huka yaikulu ija kuchokera kwa Ghasita. Anayamba shehe, kenaka Ghasita, kenaka ena. Ndinkaimva ikuyandikira, madzi akubwata, kuleka, kubwatanso pafupi. Itafika kwa Kallan anapukuta pakamwa pake ndi nsonga ya malaya n'kuiika m'dzanja langa, n'kupinda zala zanga ndi zake kuti ndigwire. Anati, "Ababa, landirani." Munthu wochepa kwa ine ndi zaka zingapo chabe.

Ndinali nditakonza kuti ndingogunditsa pamlomo n'kupatsira. Ndinakoka. Fodya wa kwa Ghasita, wosakaniza ndi manyuchi a nzimbe ndi maluwa a rozi, wodutsa m'madzi ozizira. Ndinkayembekeza kuti andiwawa pakhosi, kuti ndisanza pamaso pa onse. Kuseri kwa nsalu mbale zinkagundana, Zaibun akutsukira alendo. Ndinakokanso. Mapewa anga anatsika okha. Wina anayamba nkhani ya mtengo wa golide ndipo ndinamva mawu anga akuyankha. Ndinakokanso, mpaka wa pambali panga anandigwira chigongono kuti ena akudikira.

Wahidan, anali wokoma. Palibe wina ndingamuuze. Anali wokoma, ndipo mawa madzulo ndipitanso.